Pepala la Magazi a Carolina

Milange, 9 Julayi 1990

Deolinda mlongo wanga,

Moni. Ngati uli bwino ku Mulanjeko, tithokoze Mulungu. Ife kuno moyo ulipo wa dzina lokha. Kalata ino ndapatsira Bernardina, uja amawoloka pa Muloza ndi dengu la tomato, pakuti ya mwezi watha sunayankhe. Kaya sinakupeze, kaya yunifolomu ya kuchipatala yakuiwalitsa kwanu, ukudziwa ndiwe.

Mng'ono wako Carolina sali bwino. Khungu la m'khosi lada ngati wavala mkanda wa makala, kuseri kwa manja ndi kumapazi kukusendeka, m'kamwa muli zilonda, ndipo akutsegula m'mimba kosalekeza. Dzulo anandiyang'ana nkufunsa kuti, "Bambo inu mukufuna ndani?" Ine, mchimwene wake, amene ndinamukweza pa njinga tsiku lija tinathawa ku Mongue!

Gwero lake sitikulisaka, tikulidziwa. Mwamuna wakeyu Nicolau, matsanga, ankhondo oukira boma aja, atamugwira chaka chatha anakhala nawo kutchire miyezi isanu ndi iwiri akuwasenzera katundu. Kumeneko akazi ogwidwa ndi ambirimbiri. Atathawa anangofikira m'nyumba, osasamba mankhwala, osayamba waonana ndi akulu, nkudya mbale imodzi ndi mkazi wake. Lero mkazi akufota. Ili ndi tsempho, Deolinda. Tamupanikiza kuti aulule amene anagona naye kuti timufunire Carolina mankhwala oyenera, iye angoti misozi chuchuchu. Misozi yake tichita nayo chiyani ife?

Mwini mbumba ndine. Akapanda kuulula ndimusamutsa pano, atenge khasu lake azipita kwawo ku Majaua.

Titumizireko sopo, mchere ndi zomatira machubu, pakuti ntchito ya njinga yandiimira pamsika.

Ndine mchimwene wako,
Fabião


Mulanje, 17 Julayi 1990

Achimwene,

Moni nanunso. Sopo ndi mchere nazo. Kalata ya mwezi watha sindinaione, ndiye za yunifolomuzo mudye nokha.

Tsempho lanu lija ine ndimaliona tsiku ndi tsiku kuno, anthu mazanamazana a m'misasa ya othawa nkhondo. Mkanda wakuda m'khosi, manja osendeka, kutsegula m'mimba, mutu kusokonekera. Ena ndi asisitere, ena ndi agogo opanda mano. Kodi amenewanso anawatsempha ndi Nicolau? Madokotala akuti ndi pelagira. Imadza munthu akamadya chimanga chokhachokha miyezi yambiri, popanda mtedza, nyemba kapena nsomba. Muzakudya zimenezo muli kanthu kotchedwa vitamini, ndipo kakatha m'thupi khungu limapsa ndi dzuwa, m'mimba mumanyenyeka.

Mudzati bwanji Carolina yekha, pomwe nonse mumadya chimanga chomwecho cha thandizo. Ndikuyankhiretu. Inu mumagwira kambewa kapena kausipa pamsika. Isaura, mkulu wathu uja, amuna awo amabweretsa nsomba za m'chitini kuchokera kwa asilikali, nchifukwa chake akungosalala. Carolina ndimamudziwa ine, amapakulira amuna ndi ana anu, iye nkutsala ndi kunyambita poto.

Ntchito yanga tsopano si kutsuka timabotolo kokha. Anandiphunzitsa kutenga magazi. Timamanga mkono, kubaya pamtsempha, kudzaza kabotolo kakang'ono ngati chala, kulembapo nambala, nkuika m'bokosi la ayezi. Bokosilo limapita ku Blantyre, ndipo pakatha milungu itatu pepala limabwera lonena kuchuluka kwa vitamini m'magazi a munthuyo. Pepala limenelo silimva miseche ya pachitsime.

Bwerani naye Carolina adzayezedwe. Mapilitsi ake alipo, koma sindikutumizirani m'manja mwanu, chifukwa akachira mudzati wachira ndi mizu ya asing'anga anu, ndipo Nicolau adzakhalabe wamlandu. Munthu anasenza matumba a anthu amfuti mpaka mapewa kunyuka, lero mukumuzenga mlandu ngati anapita kuukwati. Manyazi mulibe?

Pakali pano tsegulani chitini chija cha mtedza munachokera nacho ku Mongue. Mumusinjire azidya m'phala.

Ine mlongo wanu,
Deolinda


Milange, 26 Julayi 1990

Deolinda,

Moni. Zomatira machubu waiwala, koma mwano sunaiwale.

Zaka zitatu ku Malawi, basi wasanduka dokotala? Iwe amene unkakomoka tikamapha nkhuku, lero ukundiphunzitsa za magazi! Anthu kuno akumva kale kuti mwana wa malemu mayi Constância akupopa anthu magazi kutsidyako. Ine ndiye ndimakuikira kumbuyo pamsika, usaiwale.

Mtedza wa m'chitini sukhudzidwa. Ndi mbewu ya amayi athu. Anausenza okha pamutu pothawa, nkundilumbiritsa asanamwalire kuti tidzaubzala ku Mongue nkhondo ikadzatha. Tikaudya lero tidzabwerera kumudzi ndi chiyani, manja? Iwe sunalipo pamene amatsirizika, ndiye nkwapafupi kwa iwe kunena kuti tsegulani.

Carolina ali m'manja mwa a Gregório, sing'anga wa kuseri kwa phiri, ndipo alamula kuti asawoloke mtsinje kufikira atamaliza mankhwala. Kuonjeza apo, munthu wobwebweta chonchi ndingadutse naye bwanji pamaso pa asilikali? Tsiku lina anafuula mayina a matsanga masana dzuwa likuswa mtengo. Akachita zimenezo pamalire, tonse tikathera m'chitokosi.

Komabe sindikufuna udzati Fabião anakana. Ukuti pepala lako silinama. Chabwino. Tipangane, magazi aperekedwe. Likanena kuti ndi njala, Nicolau ndimupepesa pamaso pa anthu. Likanena kuti magazi ali bwino, iwe utseke pakamwa, ine ndichite za mwini mbumba. Uvomera?

Fabião


Mulanje, 2 Ogasiti 1990

Achimwene,

Moni. Ndavomera, ndipo ndavomera ndi manja awiri. Yambani kuyeserera mawu opepesera, chifukwa pakamwa panu sipanazolowere.

Lachinayi likudzali gulu lathu lidzatenga magazi pa kachipatala ka pa Muloza, kungowoloka mlatho. Si mtunda woti munthu nkudandaula. Ine sindidzakhalapo, anditumiza ku msasa wina kwa milungu iwiri, koma ndasiya mawu kwa mnzanga Lucinda. Kapepala kali m'kalata muno kali ndi dzina la Carolina ndi nambala yake. Mukangomuonetsa Lucinda, achita zonse.

A Gregório anu muwauze kuti mtsinje wa Muloza mwezi uno madzi ake ndi a m'kakolo, mankhwala awo sakokoloka.

Nicolau mumusiye. Bernardina akundiuza kuti ndi iye yekha amene amamusambitsa Carolina ndi kumuchapira nsalu. Amene mukufuula za tsempho, ndani mwa inu anagwirapo nsalu imodzi?

Deolinda


Milange, 11 Ogasiti 1990

Deolinda,

Moni. Zachitika monga unafunira. Kapepala kako kanafika kwa Lucinda wakoyo, magazi anatengedwa, kabotolo kanadzadza. Tinapita m'mawa, pofika masana tinali titabwerako. Panalibe vuto pamalire.

Tsopano tidikire ula wako wa m'bokosi la ayezi.

Carolina ali chimodzimodzi. Phala akumwa masipuni atatu.

Fabião


Mulanje, 5 Seputembala 1990

Achimwene,

Moni. Pepala labwera dzulo. Ndikanatha kuling'amba nkukuuzani kuti linatayika, koma ine si wabodza. Likuti magazi a Carolina ali ndi vitamini wokwanira, kuposa anthu ambiri amene tinawayeza tsiku limenelo.

Ndaliwerenga kasanu. Nambala ya pa pepala ndi yomweyo ndinalemba ndi dzanja langa. Ndinafunsa dokotala ngati makina amalakwitsa, iye anati si kawirikawiri, ndipo ngati magazi ali chonchi ndiye kuti odwala anu ali ndi nthenda ina, mubwere nawo tiwaone ndi maso.

Ndinalonjeza kutseka pakamwa, ndatseka. Mwapambana, sekani. Koma ndikupemphani chimodzi, ndipo kupempha inu kukundiwawa ngati kumeza singano. Nicolau musamuthamangitse Carolina akadali gone. Dikirani adzuke kaye. Nthenda ikhale iliyonse, munthu amafuna womutembenuza pamphasa.

Deolinda


Milange, 14 Seputembala 1990

Mng'ono wanga Deolinda,

Ndine Isaura. Moni wambiri, ine ndi alamu ako tili bwino. Sindinazolowere kulemba, ndiye usaseke zilembo zanga.

Ndati ndikuuze kuti kuno zatha. Achimwene anawerenga kalata yako pabwalo, kawiri, anthu onse akumva. Lamlungu anamutulutsira Nicolau khasu ndi mphasa yake panja. Sanakangane nawo. Anangogwada pakhomo nkunena kuti, "Alamu, ine ndikupita, koma phala muzimupatsa litazizira, m'kamwa mwake muli zilonda." Atachoka, Carolina wakhala akumuitana. Phala la munthu wina akulavula. Ine ndimapitako ndikapeza mpata, koma ukudziwa kuti kwanga nkutali, ndiponso fungo la m'nyumbamo sindilitha.

Tsopano dandaulo langa. Mnzako Lucinda uja dzanja lake ndi lolemera. Pamene anandibaya panatupa mlungu wathunthu, mpaka kusinja kunandikanika. Anabaya koyamba nkuphonya, akuti mitsempha yanga yabisala m'mafuta, chipongwe chotani! Ndinapirira poti ndi za m'bale wanga. Achimwene anati poti Carolina sangawoloke, ndipite ine ndi kapepala kake, pakuti ine ndi iye ndi bere limodzi, magazi ndi amodzi. Ataitana dzina la Carolina ndinayankha bwinobwino, sindinakuchititse manyazi.

Ndinaona kuti ena amene anali ndi khungu lakuda m'khosi amawapatsa timapilitsi toyera pomwepo. Ine sanandipatse. Ngati n'tabwino pathupi, unditumizireko.

Mkulu wako,
Isaura


Mulanje, 16 Seputembala 1990

Fabião,

Moni ndilibe, ndipo ulemu wa uchimwene lero ndauika pansi.

Unatumiza Isaura? Isaura wa nsomba za m'chitini? Mayo ine! Ndakhala masiku khumi ndi awiri osadya bwino, kudziyesa chitsiru, kukayikira maso angawa, osadziwa kuti ndikuwerenga magazi a munthu wonenepa kuposa tonse m'banja. Magazi a munthu amanena zimene munthuyo wadya, osati zimene anayamwa ali khanda! Ukanandifunsa. Safunsa anadya phula, koma phula lako ukudyetsa mwana wa amayi.

Ndipo unadziwa kubisa. "Magazi anatengedwa, kabotolo kanadzadza." A ndani, sunanene. Carolina akanangofika pa Muloza, Lucinda akanaona khosi lija nkumupatsa mapilitsi tsiku lomwelo, pepala lisanabwere nkomwe. Milungu isanu yapita pachabe.

Pangano lathu lafa. Nicolau sanapite ku Majaua, njira yake angadutse bwanji? Anawoloka, ali kuno, wagona pakhonde la chipatala masiku anayi kuopa kundionekera. Ndamupeza lero. Mawa akubwera ndi kalata ino pamodzi ndi mapilitsi. Umulole alowe. Ukamutsekera chitseko, ndidzauza aliyense wodutsa pa Muloza zimene unachita, mpaka njinga zonse za m'Milange azikakonzetsa kwina.

Deolinda


Milange, 21 Seputembala 1990

Deolinda,

Moni, ngakhale iwe wandimana. Ine ndinaleredwa.

Ukunditcha wachinyengo. Ndikufunse, chiyambire ndi liti pamene wodwala anapita yekha kukaombeza? Bambo atadwala, amene anapita kwa woombeza ndi amalume. Iwe utadwala chikuku, amene anapita ndi amayi, iwe uli gone m'nyumba. Wodwala amatsala, m'bale wake wa magazi amamuimira, ndipo ula umanena zoona. Iwe unati pali ula wa azungu woona m'magazi. Ndinatumiza m'bale wa bere limodzi, wamkulu, wodziwa kuyankhula ndi anthu. Ndinalakwa pati? M'makalata ako onse unalemba za ayezi, za manambala, za Blantyre, za manyazi anga. Ndi mzere uti umene unati magazi a m'bale sagwira ntchito? Unali wotanganidwa ndi kunditukwana.

Ndipo ngati mapilitsiwo unali nawo kuyambira Julayi, bwanji afika lero?

Tsopano imva za munthu wako wolungamayo. Anafika Lolemba ine ndili pamsika. Anamumwetsa Carolina pilitsi, akuti linabwerera. Osadikira ine, anatenga njinga ya mwini wake imene ndinali nditangoimanga masipoko, nkumumangirira Carolina kumsana ndi nsalu ziwiri ngati mwana, ulendo wa ku Muloza. Akazi a pachitsime anamuona akukankha pokwera, mutu wa Carolina uli lende. Waba njinga, waba mlongo wanga, waswa lamulo la sing'anga. Mwini njinga wandisumira kwa asilikali.

Chilichonse chimene chichitike kutsidya la mtsinjeko chili pamutu pako ndi pa iye. Undiuze msanga mmene alili. Ndati msanga.

Fabião


Mulanje, 20 Okutobala 1990

Achimwene,

Moni. Za Carolina Bernardina anakuuzani pakamwa tsiku lomwe zinachitika, ndipo makalata anu awiri ofunsa mmene zinayendera ndinawalandira. Sindinayankhe dala. Ndimadikira pepala.

Nicolau anafika naye madzulo a Lolemba lija, malaya ake atanyowa ndi zimene mukudziwa. Ine mng'ono wanga sindinamuzindikire. Anamugoneka, nkumuika madzi a m'botolo. Ndinapempha kuti magazi ndimutenge ndekha. Ndinamanga mkono, chingwe chinazungulira kawiri. Mtsempha sunavute kupeza, panalibe choubisa. Pamene ndimabaya anatsegula maso nkunena kuti, "Deolinda, ukadali kuopa nkhuku?" Anandidziwa, achimwene. Ndinamaliza kudzaza kabotolo ndisakuona bwino.

Khungu linayamba kusintha tsiku lachitatu, mankhwala amagwira. Koma m'mimba munali mutatha kale, ndipo chifuwa chinalowererapo. Dokotala anati akanabwera mwezi umodzi m'mbuyomo akanatuluka akuyenda ndi miyendo yake. Anatisiya Loweruka m'mawa, Nicolau akumuuzira phala kuti lizizire. Tinamuika kumanda a kuseri kwa msasa, pafupi ndi mtengo wa mbawa.

Pepala lili m'kalata muno ndi la Carolina weniweni. Labwera dzana, mwini wake atagona m'dothi milungu inayi. Nambala yapamwambayo ndi imene munthu wabwinobwino amakhala nayo. Yapansiyo ndi yake. Simukusowa sukulu kuti muone kusiyana kwake. Muliwerenge pabwalo pomwe paja, kawiri, monga munachitira ndi lija. Mutchule dzina la Nicolau, anthu amve kuti sanatsemphe munthu.

Munandifunsa za mapilitsi. Funso limenelo ndi limene limandidzutsa. Anali m'thumba la yunifolomu yanga kuyambira tsiku limene ndinawerenga kalata yanu yoyamba. Sisitere wina anandipatsa nditamufotokozera, nkunena kuti tumiza lero lomwe. Bernardina anawoloka kasanu ndi kawiri ine ndili nawo m'thumba. Ndimafuna pepala lidzakugwetseni pamaso pa anthu. Ndimafuna kupambana. Inu munatumiza munthu wolakwika posadziwa, ine ndinasunga mankhwala ndikudziwa. Sindikukukhululukirani, musaganize choncho, koma sindingakusenzetseni nokha.

Njinga ija Nicolau waipereka kwa Bernardina. Masipoko anu ali bwinobwino.

Deolinda


Milange, 29 Okutobala 1990

Deolinda mlongo wanga,

Moni. Njinga yafika, mwini wake watenga.

Pepala ndinaliwerenga Lamlungu titatuluka m'tchalitchi. Kawiri. Dzina la Nicolau ndinalitchula. Ena anang'ung'udza kuti mapepala a ku Malawi amasintha ngati bilimankhwe, a Gregório akuti Carolina anafa chifukwa chowoloka mtsinje. Isaura sakutuluka m'nyumba.

Usayembekeze kuti ndikugwadira. Za ula sindinaname, ndi mmene tinakulira. Koma Nicolau umuuze kuti khasu lake analisiya pa msewu tsiku lija, ndinalitola, lili m'nyumba. Akafuna adzatenge, akafuna adzakhale. Pangano linali loti ndimupepese pamaso, ndipo pamaso pake sindinamuone.

Undijambulire njira ya kumandako, kuchokera pa mlatho mpaka pa mbawayo.

Pali china chimene Bernardina sanakuuze chifukwa ndinamuletsa. Uthenga utafika tinakhala maliro kuno masiku atatu, opanda mtembo. Kunabwera anthu a ku Mongue onse amene ali m'tauni muno. M'nyumba munalibe choti nkuwapatsa, ndipo anthu obwera kudzalira sungawabweze ndi njala, ukudziwa mwambo. Ndinatsegula chitini cha amayi. Akazi anakazinga, anathira mchere uja unatumiza. Mtedza unali wabwinobwino, Deolinda, ngakhale njere imodzi yofumbwa munalibe. Unakwanira anthu onse, ena anatapa kawiri, ndipo amauyamikira.

Wanga anandiikira m'dzanja. Ndikadali nawo m'thumba la malaya.

Ndine mchimwene wako,
Fabião